Mbusa ndi Mwini Khola: Kuwerenganso Kalata ya Maepiskopi ya 1992

Mawu akuti mbusa ndinayamba kuwamva ndisanadziwe khomo la tchalitchi, chifukwa kwathu mbusayo ndinali ine. Ndinkadzuka mame asanakamuke, n'kutsegula khola la mbuzi za amalume, chikwapu kudzanja, legeni m'khosi. Panalibe munthu wondivulira chipewa. Mbuzi zikalowa m'dimba la eni ake, wolawa mkwapulo ndinali ine, ndipo madzulo amalume ankaima pakhomo pa khola n'kumawerenga imodziimodzi. Ikasowa imodzi, nsima ndinkaiona itazizira, nditabwera nayo mbuziyo.

Nditafika ku Lilongwe kudzakhala ndi achibale pa tchuthi, mawu omwewo ndinawapeza atavala jekete. Ali pa zikwangwani za mu msewu wa Malangalanga, ali m'kamwa mwa olalikira a pa depoti, ali pa zithunzi zikuluzikulu za m'mbali mwa msewu wopita ku City Centre. Mawuwo sanasinthe, koma mbusa wa mu mzinda ndiye amawerenga, ndipo palibe womuwerengera. Kusiyana kumeneku n'kumene kwandichititsa kulemba. Ndikufuna tione fanizo la mbusa ndi nkhosa monga momwe timaonera fanizo la m'ndakatulo iliyonse yobwera pa msonkhano wathu: lachokera kuti, likunena chiyani, likubisa chiyani. Ndipo ndiliyesa pa cholembedwa chimodzi chimene chili ndi dzina la ubusa, kalata ya maepiskopi a Katolika ya chaka cha 1992.

Tiyambe ndi kwawo kwa fanizoli. Ambiri timalidziwa kudzera mu Salimo 23, limene timalimva pa maliro ndi m'zipatala, ndiponso mu Yohane 10, m'mene Yesu akudzitcha mbusa wabwino nadzisiyanitsa ndi wolembedwa ntchito amene amathawa chilombo chikafika. Luka 15 ali ndi nthano ya munthu wosiya nkhosa 99 kukafuna imodzi yotayika. Koma fanizoli silinayambire m'nyumba yopemphereramo. M'maiko akale a kum'mawa, mbusa linali dzina la mfumu. Hammurabi wa ku Babylon ankadzitcha mbusa wa anthu ake, ndipo mafarao a ku Egypt amajambulidwa atagwira ndodo yokhota ya abusa. N'chifukwa chake mneneri Ezekieli, pa mutu 34, podzudzula abusa odya mafuta ndi kuvala ubweya osasamala zofooka, akunena za olamulira dziko, osati ansembe okha. Choncho kuyambira kale fanizoli lili ndi mbali ziwiri. Limatonthoza wofooka, komanso limapatsa wamphamvu chifukwa chogwirira ndodo.

Litafika kuno linapeza dziko lina. Omasulira Buku Lopatulika, limene linatuluka mu 1922 pansi pa utsogoleri wa William Murray wa mishoni ya Dutch Reformed, anatenga mawu amene anawapeza m'mudzi, ndipo mawuwo akhalabe mu Malembo Oyera a 1966 ndi Buku Loyera la 1998. Sanalakwe, poti mawu ena panalibe. Koma taonani zimene zinasintha pa ulendowo. Kwathu nkhosa n'zochepa; chiweto cha pakhomo ndi mbuzi, ndipo mbuzi siidikira kuuzidwa kokadya. Mbusa wa m'Baibulo amatsogola, nkhosa n'kumatsata mawu ake. Mbusa wa kwathu amayenda kumbuyo ndi chikwapu. Mbusa wa m'Baibulo nthawi zambiri ndi mwini nkhosa. Wa kwathu ndi kamnyamata koweta za eni. Ndiye pamene Mchewa anamva koyamba kuti Mulungu ndi mbusa, anamva chinthu chodabwitsa kuposa chimene mzungu ankaganiza: kuti Chauta wadzichepetsa kufikira pa ntchito ya mwana wa mapazi ong'aluka. Mphamvu imeneyi tinaitaya pang'onopang'ono. Mawuwo tinawaveka ulemu, mbusa nakhala Abusa, ndipo lero mwana wa ku Area 10 akhoza kukula osadziwa kuti dzinali lili ndi fungo la khola.

Andale nawonso sanagone. Dr Hastings Kamuzu Banda, amene anali mkulu wa mpingo wa Church of Scotland, ankadziwa bwino kukoma kwa mafanizo otere, ngakhale kuti iye anasankha la kwathu konkuno: Nkhoswe Nambala Wani, woyang'anira mbumba. Pa ngodya zinayi za chipani chake, umodzi, kukhulupirika, kumvera ndi kusunga mwambo, palibe ngakhale imodzi imene nkhosa ingalephere. Nkhoswe yeniyeni ya pamudzi imatha kuitanidwa pabwalo n'kufunsidwa ndi alongo ake. Nkhoswe ya dziko lonse inakhala ya muyaya mu 1971, ndipo woifunsa anasowa. Apa ndi pamene fanizo la mbusa ndi la nkhoswe anakumana: onse awiri anachotsedwa munthu woima pakhomo pa khola madzulo.

Mzinda wa Lilongwe womwe unamangidwa ngati makola. Likulu litasamuka ku Zomba mu 1975, mapulani a bungwe la Capital City Development Corporation anali atagawa kale malo ndi manambala. Capital Hill, imene inamangidwa ndi ngongole yochokera ku boma la tsankho la South Africa, inaikidwa payokha. Mayadi a Area 10, Area 12 ndi Area 43 anapatsidwa mabwalo aakulu ndi mitengo. Old Town inatsala ndi msika, fumbi ndi mabasi, ndipo anthu wamba anakankhidwira ku Kawale, Area 25 ndi kwina kotero. Amene mapulani sanawawerengere anadzipezera okha pokhala ku Mtandire, Kauma ndi Mgona, kuseri kwa mipanda ya mabwana amene amawaphikira ndi kuwalondera. Mlaliki akaima pa guwa mu mzinda wotere n'kunena za gulu limodzi la nkhosa, womvera wanzeru ayenera kufunsa kuti msipu wobiriwirawo uli ku Area iti.

Mu mzinda wotere ndi m'dziko lotere, Lamulungu pa 8 Marichi 1992, kalata yotchedwa Living Our Faith inawerengedwa m'matchalitchi onse a Katolika, kuphatikizapo a mu Lilongwe monga Maula ndi St Patrick's ku Area 18. Anaisayina ndi atsogoleri 7: James Chiona wa ku Blantyre, Matthias Chimole wa ku Lilongwe, Felix Mkhori wa ku Chikwawa, Alessandro Assolari wa ku Mangochi, Allan Chamgwera wa ku Zomba, Gervazio Chisendera wa ku Dedza ndi John Roche amene ankayang'anira dayosizi ya Mzuzu. Inasindikizidwa ku Balaka, makope 16,000, ambiri mwa iwo m'Chichewa, ena m'Chitumbuka ndi m'Chingerezi. Ine ndinali ndisanabadwe. Ndaiwerenga ngati wophunzira, ndipo ndikuiweruza ngati cholembedwa.

Chinthu choyamba chimene wowerenga wa lero amadabwa nacho ndi kufatsa kwake. Amene akufuna moto adzakhumudwa. Kalatayi imayamikira boma pa zina, siitchula munthu dzina, ndipo siitanira anthu ku msewu. Imangondandalika zinthu: kusiyana kwa olemera ndi osauka, malipiro osakwanira, mitengo yotsika imene mlimi amagulitsira mbewu zake, makalasi odzaza, zipatala zosowa antchito, ziphuphu ndi kukondera achibale, kutsekera anthu popanda mlandu, kukakamiza anthu kugula makadi a chipani, ndi mantha amene anachititsa kuti munthu asakhulupirire mnzake. Palibe chimene mayi wogulitsa tomato mu msika wa Old Town sankachidziwa. Ukatswiri wake uli pomwepo. M'zaka zimene alakatuli ankabisa mawu m'nthano za abirimankhwe ndi Napolo, ndipo Jack Mapanje anali atangotuluka ku Mikuyu mu 1991 atakhalako kuyambira 1987 osazengedwa mlandu, kalata iyi inatchula khasu kuti khasu. Zimene aliyense ankanong'ona zinanenedwa mokweza, tsiku limodzi, m'dziko lonse, ndipo aliyense anaona kuti mnzake wa pa benchi wamvanso. Chinsinsi cha anthu onse chikanenedwa poyera chimaleka kuopsa.

Chachiwiri, chimene kwa ine n'chachikulu, ndi ichi: kalata ya abusayi siitenga anthu ngati nkhosa. Pofika pa nkhani ya kutenga mbali m'zochitika za dziko, maepiskopi sanatsamire pa msipu ndi ndodo. Anatsamira pa chiphunzitso cha Paulo ndi Petro chakuti aliyense anapatsidwa mphatso yake yothandizira gulu, ndipo anachimanga ndi mwambi wathu wakuti mutu umodzi susenza denga. Taganizirani kusiyana kwa mafanizo awiriwa. Pa gulu la nkhosa woganiza ndi mmodzi, zina zonse zimatsata. Posenza denga aliyense amaika phewa, aliyense amaona kumene akuponda, ndipo wina akafuula kuti tapendekeka, onse amaima. M'dziko limene munthu mmodzi ankatchedwa mwini nzeru zonse, mwambi umenewu unali wakuthwa kuposa chiganizo china chilichonse m'kalatamo. Abusa anachita ubusa weniweni pa tsiku limene anasiya kulankhula ngati kwa ziweto.

Chachitatu ndi mtengo umene analipira, chifukwa fanizo la pa Yohane 10 limayesedwa chilombo chikafika. Patangopita masiku awiri maepiskopi anaitanidwa ndi apolisi ku Blantyre n'kufunsidwa kwa maola ambiri. Kalatayo inaletsedwa, ndipo kupezeka nayo unakhala mlandu. Akuluakulu a Malawi Congress Party anakumana ku Lilongwe, ndipo pa msonkhanowo ena analankhula zopha maepiskopi. Mawuwo anajambulidwa pa tepi imene inadzamveka pambuyo pake. Nyumba yosindikizira mabuku ya ku Balaka inayatsidwa moto. John Roche anathamangitsidwa m'dziko mu Epulo. Koma khola linali litatseguka. Ophunzira a ku Chancellor College anayenda pa msewu kuikira kumbuyo maepiskopi, koleji n'kutsekedwa. Chakufwa Chihana anatera pa bwalo la ndege la Kamuzu pa 6 Epulo n'kumangidwa pomwepo. Chaka chomwecho kunabadwa Public Affairs Committee, yophatikiza mipingo, Asilamu, maloya ndi amalonda. Pa 14 Juni 1993, pafupifupi anthu awiri mwa atatu alionse ovota anasankha nyali ya zipani zambiri, ndipo pa 17 Meyi 1994 kunachitika chisankho chimene chinathetsa ulamuliro wa Kamuzu.

Tsono poti pano sitinabwere kudzaimba nyimbo zotamanda, tinene ndi zofooka zomwe. Funso limene kalatayi siiyankha ndi lakuti abusawo anali kuti zaka zonsezo. Maepiskopi anali atawotchedwapo zala mu 1960, pa mkangano wa chipani cha Christian Democratic Party cha Chester Katsonga, ndipo atalemba kalata yawo ya 1961 anakhala zaka 31 osalembanso ina yofika pa mtima pa ndale za dziko. M'zaka zimenezo munali kuthawa kwa nduna mu 1964. Munali kuzunzidwa kwa a Mboni za Yehova, amene analetsedwa mu 1967, ndipo mu 1972 anathawira ku Sinda Misale ku Zambia ndi ku Mozambique chifukwa chokana khadi la chipani. Munali imfa ya Dick Matenje, Aaron Gadama, Twaibu Sangala ndi David Chiwanga ku Mwanza mu Meyi 1983. Mutu womwewo wa Yohane umanena za nkhosa zina za khola lina, koma a Mboni atamenyedwa, mipingo ikuluikulu siinatulutse mawu ofanana ndi a 1992. Kalata imene ikanayamba ndi kuvomera chete ameneyu ikanakhala yolemera koposa. Nthano ya Luka imatamanda mbusa wothamangira imodzi. Athu anadikira mpaka 99 zitayamba kulira.

Ndiponso tisaganize kuti abusa onse analankhula chimodzi, kapena kuti nkhosa zonse zinatsata. Sinodi ya Nkhoma ya CCAP, imene ili ndi mipingo yambiri mu Lilongwe muno, siinalowe nawo mu Public Affairs Committee pa nthawiyo, ndipo pa riferendamu anthu ambiri a m'chigawo cha pakati anavotera tambala wakuda. Wina akhoza kunena kuti anasocheretsedwa. Ine ndikuona kuti anali ndi zifukwa zawo, zabwino kaya zoipa, monga munthu aliyense woganiza. Apanso fanizo la nkhosa likutiperewera, pakuti silidziwa chochita ndi munthu amene wamva mawu a mbusa, wawasinkhasinkha, n'kukana.

Nanga lero, patapita zaka zoposa 30? Dzina la ubusa lachuluka ngati bowa wa m'dzinja, ndipo ena aliona kuchepa, akwera kukhala aneneri, atumwi ndi apapa. Sindikunena kuti onse ndi olembedwa ntchito othawa chilombo. Ndikudziwa abusa amene amayenda pa njinga yakapalasa m'matope a ku Mtandire kukaona odwala, ndipo palibe chikwangwani chili ndi nkhope yawo. Koma ndinene chimene ndinaona ndi maso anga, mpingo wake sindiutchula. Mayi wina wochapa zovala kumayadi anamwalira. Anali Mkhristu wa zaka zambiri, koma khadi lake la zopereka linali ndi mipata ya miyezi ingapo, miyezi yomwe anali chigonere. Akuluampingo anabwera pa siwa, natsegula kaundula, nanena kuti mwambo wonse wa mpingo sungachitike. Amayi anzake anaimba okha. Sabata yomweyo kunagwa maliro ena kuseri kwa mpanda wa njerwa, ndipo Abusa anafika okha, mkanjo uli pathupi, nalalikira za msipu wobiriwira. Ndinakumbuka kuti kalata ya 1992 inadandaula za anthu oletsedwa kulowa mu msika chifukwa chosowa khadi. Khadi lija linachoka pa chipata cha msika, koma ndaliona litaima pa chipata cha manda.

Wina adzati ndiye tilitaye fanizoli. Ine sindikuvomera. Agogo anga atagonekedwa m'chipatala, Salimo 23 ndi limene ankapempha kuti tiwawerengere, ndipo nditaona nkhope yawo sindingayerekeze kunena kuti mawu aja ndi chinyengo. Munthu akafika pamene mphamvu zake zathera, kumva kuti pali wina womudziwa dzina ndi womuyenda naye mu mdima si chinthu chochepa. Koma tiyeni tione bwino amene akulankhula mu salimolo. Ndi munthu wodzitcha yekha nkhosa pamaso pa Mulungu wake. Zimenezi n'zosiyana kutalitali ndi munthu wotcha anzake nkhosa iye ataima pa guwa kapena pa nsanja ya msonkhano. Chiganizo chimodzimodzi chimasintha tanthauzo malinga ndi pakamwa pamene chatulukira. Ngakhale pa Yohane 21, pamene Petro akupatsidwa ntchito yoweta, nkhosazo zikutchedwa za Yesu, osati za Petro. Papa Francis, polankhula kwa ansembe mu 2013, anawapempha kuti akhale abusa omveka fungo la nkhosa. Mnyamata aliyense woweta mbuzi kwathu akanamuuza kuti fungolo silichita kufunidwa. Limabwera lokha ngati ukugona pafupi ndi khola.

Apa ndi pamene ndikuona kuti Chichewa chili ndi mwayi umene sitinaugwiritse ntchito. Chinenero chathu chimakumbukirabe kuti mbusa ndi wantchito wamng'ono woweta za eni, amene madzulo amafunsidwa. Olemba athu, polemba ndakatulo ndi masewero okhudza mpingo, kawirikawiri amagwera mbali ziwiri. Ena amangobwereza chithunzi cha m'makalendala, mzungu wa tsitsi lalitali atanyamula kamwana ka nkhosa koyera ngati thonje, m'dambo limene silifanana ndi lililonse la kuno. Ena amangojambula m'busa wakuba ndi wachimasomaso kuti anthu aseke, sewero n'kuthera pomwepo. Njira zonse ziwiri n'zaulesi. Yoyamba siiona Lilongwe, yachiwiri siiona chifukwa chimene anthu anzeru zawo amadzazirabe matchalitchi. Sindinawerengebe nkhani imene ikuika mbusa pamalo pake penipeni, pakati pa ziweto zimene si zake ndi mwini amene adzamufunsa, ali ndi mantha a mbali zonse ziwiri. Maepiskopi 7 aja, usiku wa pa 7 Marichi 1992, makope atafika kale m'maparishi ndipo kubweza kusakutheka, anali anthu otero. Nkhani imeneyo ikudikira woilemba, ndipo mwina ali pakati pathu pompano.

Kalata ya 1992 ndaipeza yochedwa, yosamala mopitirira pena ndi pena, ndiponso yosadziweruza yokha. Koma ndaipezanso yoona, ndipo inanenedwa pa nthawi imene choona chinali ndi mtengo wa moyo. Inapambana chifukwa olemba ake anakumbukira kuti anthu a m'mabenchi ali ndi mitu yosenzera denga. Amene akufuna dzina la mbusa mu Lilongwe wa lero, kaya ali pa guwa ku Area 47, kaya pa depoti ku Old Town, kaya m'nyumba ya malamulo ku City Centre, ayesedwe ndi muyeso womwewo umene amalume ankandiyesa nawo ine. Dzuwa likapendeka aime pakhomo pa khola, tiwerenge pamodzi, ndipo atiuze kumene kuli imene yasowa.